Masewero m'piriyodi ya Chingerezi: zolemba za Sitandade 5

Seputembala, teremu itangoyamba

A hedi avomera kuti Lachiwiri ndi Lachinayi piriyodi ya Chingerezi mu Sitandade 5 izikhala ya masewero a zisudzo, bola sikimu, ndondomeko ya zoti tiphunzitse, isatsalire m'mbuyo. Anzanga a m'zoni mwathu, kuno kumbali ya Lizulu ku Ntcheu, apempha kuti ndizilemba zonse m'kope, zoyenda ndi zokanika zomwe, kuti tidzazione limodzi ku TDC, malo omwe aphunzitsi a m'zoni timakumanirana, chaka chikamatha.

Aliyense amene anagwirapo choko mu Sitandade 5 akudziwa pomwe pagona vuto. Lamulo la maphunziro la 2013 limati ana aziphunzitsidwa m'Chingerezi, koma m'makalasi ang'onoang'ono chomwe chimamveka tsiku lonse ndi Chichewa, ndipo sindingamuimbe mlandu mphunzitsi aliyense pa zimenezo. Mwana wa zaka 6 simungamuphunzitse kuwonkhetsa m'chiyankhulo chomwe sanachimvepo. Ndiye akangolowa Sitandade 5, buku la sayansi, la zaulimi, la masamu, onse ali m'Chingerezi. Mwana yemwe chaka chatha ankatsutsana ndi aphunzitsi ake, chaka chino angoti duu.

Akamayankha onse pamodzi simungadziwe. "Good morning, madam, how are you?" amakuwa mpaka malata kunjenjemera. Koma sabata ino ndakhala ndikuwaitana mmodzimmodzi pa buleki, pansi pa mtengo, n'kumawafunsa tinthu ting'onoting'ono: umakhala kuti, umakhala ndi yani, wadya chiyani m'mawa. M'rejisitala ndaika zizindikiro. Kadontho ndi ka mwana amene sanatsegule pakamwa. Kamzere ndi ka amene anaponya liwu limodzi, "mother", basi. Kamtanda ndi ka amene anamanga chiganizo, chingakhale chopindika. Madontho ndiwo adzaza tsamba. Ndidzawaitananso mu Julayi.

Kumapeto kwa Seputembala

Tayamba ndi thupi, pakamwa patsatire. Njirayi si yanga. Katswiri wa ku America, James Asher, anaifotokoza m'zaka za m'ma 1960, kuti wophunzira chiyankhulo ayambe wamva n'kuchita, kuyankhula kudzabwera pambuyo. Tonsefe timaichita tikamati "stand up, sit down", kungoti timathera pomwepo. Ine ndikuikoka kuti ikhale kankhani. "You are carrying a bucket of water. It is heavy. Walk slowly. A dog is coming!" Koyamba ndimachita nawo, kachiwiri ndimapinda manja n'kumangoyankhula. Amene wamva amathawa galu ndowa ili pamutu. Amene sanamve amaonera kwa mnzake, ndipo kuonera kotereku sindikuletsa.

M'kalasi simukwanika. Ana akuyandikira 100, ambiri amakhala pansi mawondo atagundana, pomwe boma limafuna ana 60 pa mphunzitsi mmodzi. Chiyambire maphunziro aulere mu 1994, ana a m'pulayimale atakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, makalasi sanapumepo. Choncho timachitira panja, pabwalo la mpira wamanja. Kutuluka ndi kulowa kokha kumadya gawo lalikulu la mphindi 35, ndiye ndapempha kuti piriyodi yathu izigundizana ndi buleki, belu lizilira ana ali kale panja.

Okutobala

Msika wa Lizulu anawa amaudziwa kuposa ine. Ena amathandiza amayi awo kugulitsa kabichi, mbatatesi ndi tomato m'mbali mwa msewu wa M1, ndipo alipo anyamata omwe amawerengera ndalama ya Malawi ndi ya Mozambique pamutu, poti malire ali pomwepo. Ndiye sewero loyamba lenileni lakhala la msika. Zipangizo ndi za TALULAR, kutanthauza zopanga tokha ndi zinthu zopezeka kwathu konkuno: tomato woumba ndi dothi, ndalama zodula pa makatoni, masaka akale oyala pansi.

Sabata yoyamba ndinawapatsa kukambirana kolembalemba, mizere ingapo ya wogula ndi wogulitsa, akopere m'makope. Analoweza msanga zedi. Pofika Lachinayi gulu lililonse linkaitchula osaphonya, moti wodutsa akanati anawa Chingerezi ndi cha kwawo. Kenaka ndinanyamula basiketi n'kupita kukagula kwa mtsikana wina yemwe amakhala nambala wani. M'kope wogula amafunsa mtengo wa tomato. Ine ndinati, "Do you have onions?" Anandiyang'ana, anayang'ana m'kope, n'kundiyankha kuti, "Five hundred kwacha."

Nkhani yonse ya ntchitoyi yagona pamenepa. M'sewero loloweza mwana samvetsera mnzake. Amangodikira kuti mnzakeyo atseke pakamwa, iye atulutse mzere wake. Kuyankhula kumayamba pomwe ukufuna kanthu kwa munthu, koma sukudziwa kuti akuyankha chiyani.

Tsopano makope amatsala m'kalasi, aliyense amalandira kapepala kachinsinsi. Ka wogula kamati: uli ndi K1,000 yokha, amayi akutuma tomato, anyezi ndi mchere. Ka wogulitsa kamati: mulu usatsike kuchepera K400, ndipo chenje ulibe. Pa tchati chomata pamtengo ndalembapo mawu owerengeka, "how much", "too expensive", "I only have", "last price". Zotsalazo azidzionera okha.

Phokoso lake musanene! Koma ndi phokoso lina. Pali mnyamata wamkulupo msinkhu, wobwereza kalasi, yemwe kuwerenga kumamuvuta ndipo m'rejisitala ali ndi kadontho. Anakhala pa saka lake atatambalala, wogula akudandaula kuti wadulitsa. Anatola tomato mmodzi wadothi, kumupukuta pa malaya, kumukwezera kudzuwa, nati, "Look, my sister. Big, big. Add something." Wogula atapukusa mutu n'kuyamba kuchoka, anadzambatuka kumutsatira: "Come, come. I give you one free." Za basela m'Chingerezi palibe amene anamuphunzitsa. Kunenerera ankakudziwa kale. Chomwe chinkasowa ndi timawu towerengeka, ndipo atatifuna anatipeza.

Woyankhula Chichewa sindimulanga. Ambirife tinakulira m'sukulu zomwe ukangotulutsa liwu la Chichewa dzina lako limalembedwa, masana n'kukatchetcha udzu, ndipo chomwe tinaphunzirapo ndi kukhala chete. M'malo mwake ndatsegula sitolo ya mawu. Gulu lililonse limalandira zitsekerero za mabotolo 5. Wasowa liwu amathamangira kwa ine, kulipira chitsekerero chimodzi, kunena m'Chichewa chomwe akufuna, ine n'kumupatsa cha Chingerezi. Poti zitsekererozo n'zochepa, amayamba afunsana okhaokha asanaononge chuma cha gulu. Mawu ogulidwawo ndimawalemba, ndipo ndiwo timaphunzira sabata yotsatira. Mndandanda umenewu ukuposa uliwonse womwe ndikanapeka nditakhala pa tebulo, chifukwa liwu lililonse pali mwana amene analifuna.

Novembala

Aphunzitsi a Sitandade 7 adandaula kuti msika wathu uli kuseri kwa zenera lawo, ndipo sakunama. Tasamukira ku mitengo ya bulugama kumalire a sukulu. Ndi kutentha kwa mwezi uno, mthunziwo watikomeranso.

A PEA, mlangizi wa sukulu za pulayimale m'zoni mwathu, anabwera Lachinayi lina, anaima mpaka sewero kutha, kenaka anati, "Madamu, zonsezi ndaziona ndipo zandisangalatsa. Koma m'makope mwa anawa mukulowa chiyani?" Funsolo ndi loona. Mayeso a MANEB a Sitandade 8 alibe gawo loyankhula, zonse ndi cholembera ndi pepala. Mnyamata wanga wa tomato akhoza kugulitsa msika wonse m'Chingerezi koma n'kulephera mayeso amenewa a PSLCE. Tagwirizana kuti mphindi 10 zomaliza aliyense azilemba ziganizo zitatu zomwe wanena kapena wamva m'sewero. Akulemba msanga kuposa akamakopera za pabolodi, ngakhale masipelo ake ndi omvetsa chisoni.

Sewero lili m'kati sindilowerera. Kungomudula mwana kamodzi kuti "not he, she", basi watseka pakamwa mpaka sabata yamawa. Ndimayenda ndi kapepala n'kumalemba zolakwa zomwe zikubwerezedwa, popanda mayina. Chotsogola ndi "he" ndi "she" chomwecho, poti ife timangoti "iye", kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi. Tapanga kasewero ka miseche. Mmodzi amavala chitenje, wina chipewa, aliyense n'kumachita zake mosayankhula, kusinja, kugona, kusenza nkhuni. Otsalawo awiriawiri amawajeda: "She is pounding maize." "He is sleeping again." Wina akaphonya n'kunena wachitenje kuti "he", wachitenjeyo amaima, kugwira m'chiuno, n'kumayang'ana uku ndi uku kufuna amene wamunyoza. Kalasi limaseka, wolakwayo amadzikonza yekha. Mafunso okhala ngati "You are going where?" ndayamba ndawasiya. Akumveka, nthawi yake idzakwana.

Kumapeto kwa mwezi kamnyamata kena kanakweza dzanja: "Madamu, nanga ku Lizulu ndani amagula tomato m'Chingerezi?" Anzake anaseka, koma kananena zoona. Amalawi awiri kunenererana m'Chingerezi pa mulu wa tomato ndi bodza, ndipo ana akulidziwa. Ndi chifukwa chake msika ukangotentha amabwerera ku Chichewa. Ndiliganizira pa holide.

Disembala

Mayeso a teremu yoyamba alembedwa. Malikisi a Chingerezi sakusiyana kwenikweni ndi a Sitandade 5 ya chaka chatha. Sindikudabwa, pepala limafunsa galamala ndi kudzaza mipata. Chomwe chasintha sichikuoneka pa ripoti: m'piriyodi ya sayansi manja okwezedwa achuluka.

Januwale

Mvula yatibwezera m'kalasi. Ikamagunda malata ngakhale ine sindidzimva. Ana akujombanso kwambiri, ena malungo, ena ali ku ganyu yopalira, ena mtsinje wadzadza. Sewero lofuna kuti anthu omwewo apezeke masiku onse silingatheke nyengo ino. Lililonse liyenera kuyamba ndi kutha tsiku lomwelo, ndi ana omwe abwera.

Masiku a mvula tikupanga zithunzi za anthu. Gulu limapatsidwa kapepala, tinene kuti "A thief in the maize garden", n'kukonza chithunzi ndi matupi awo, kenaka onse kuuma gwa, osagwedezeka. Otsalawo amalemba pa timapepala chomwe akuona n'kukweza m'mwamba. Mvula ikaleka ndimagwira paphewa mmodzi wa m'chithunzimo, ndipo amanena chiganizo chimodzi cha zomwe zili mumtima mwake. Wakuba wina anati, "I am hungry, sorry." Mwezi uno anawa sanaseke.

Vuto lomwe landikhalitsa pansi ndi la atsikana akuluakulu, a zaka 13 ndi 14, okhala kumbuyo. Ang'onoang'ono alibe nazo kanthu, amalumpha n'kuyankhula chilichonse. Akuluwa amaopa kusekedwa ndi anyamata, ndipo kuseka kwa Sitandade 5 kumamutsatira munthu mpaka kumjigo. M'magulu osakaniza iwo amakhala ogwira chikwama kapena odwala wosayankhula. Ndawapatula akhale magulu a okhaokha, ndipo ndawapatsa sewero la kuchipatala.

Ndinakumbukira masanje. Kumasanje palibe amene amalembera mnzake zonena, koma kamtsikana kosewera ngati mayi kamakalipa ndi mawu a amayi ake enieni, mpaka kakhosomoledwe. Ana amakhala atasunga anthu akuluakulu ambiri m'mutu mwawo. Chomwe amafuna ndi chovala choti awatulutsire.

Mtsikana wina wa kadontho, yemwe chiyambire Seputembala liwu lake ndinali ndisanalimve, ndinamuveka kachipewa ka nesi kopinda ndi pepala loyera, kumupatsa cholembera ndi kope lakale ngati buku la kuchipatala. Wodwala analowa akubuula. Nesi sanadzutse n'komwe mutu. Anapitiriza kulemba, kenaka ndi mawu okuluwika, osakhala ake, anati, "Why are you late? Sit there." Wodwala atayamba kufotokoza za mutu, anamudula: "Open your mouth." Anasuzumira, analemba, anang'amba kapepala. "Two morning, two evening. Don't forget. Next!" Atsikana anzake anaimba nthungululu. Piriyodi itatha ndinamufunsa kafunso kosavuta chipewa atavula, anayang'ana pansi ngati kale. Ndiye ntchito ikugwiridwa ndi chipewacho. Akasekedwa, wasekedwa ndi nesi, osati iye. Ndasonkhanitsa zipewa, mipango, jekete, magalasi opanda diso, ndodo, ndipo palibe amene akulowanso m'sewero wopanda chovala.

Febuluwale ndi Malichi

Funso la kamnyamata kaja layankhidwa ndi msewu. Pa M1 pamadutsa malole a maiko ena, ndipo oyendetsa ambiri Chichewa sachidziwa. Mphunzitsi wa ku England, Dorothy Heathcote, yemwe ankaphunzitsa ku Newcastle, anatchuka ndi njira yoti mphunzitsi alowe yekha m'sewero akhale wosadziwa, odziwa akhale ana. Ndinabwereka jekete ndi kapusi ya bambo a kunyumba, makiyi m'manja, n'kulowa m'kalasi ngati dalaivala wa ku Zimbabwe yemwe lole yamufera. Ndikufuna madzi, makaniko, ndi pogula chakudya. Oyamba anandiyankha m'Chichewa. Ndinangotukula mapewa: "Sorry, I don't understand." Panali kachetechete, kenaka kunong'onezana, kenaka wina anaimirira: "You go straight. You see a church. Then this side." Mnzake anamukoka malaya: "Left!" Kwa nthawi yoyamba Chingerezi chinali ndi chifukwa.

Sabata yotsatira dalaivala uja anagunda mbuzi, ndipo mlandu wake watidyera masabata ambiri popanda wotopa nawo. Pabwalo pamakhala mfumu, nduna ziwiri, agogo eni mbuzi, mboni, dalaivala, ndi womasulira pakati. Mfumu ndi agogo amayankhula Chichewa chokha, ndi ulemu wonse wa pabwalo, kuwomba m'manja ndi kugwada komwe. Dalaivala amayankhula Chingerezi chokha. Poyamba ndinali ine, tsopano ndi ana omwe ali ndi timitanda. Katundu yense ali pa womasulira. Nazi zomwe ndinalemba Lachiwiri lina:

Mfumu inati, "Mufunseni mlendoyu. Kodi mbuzi ya agogowa sanaione?"

"The chief is asking, you did not see the goat?"

"I saw it. It ran into the road. I hooted."

Womasulira anaima kaye pa "hooted", dalaivala anakanikiza dzanja m'malere n'kuti pii pii. "Zikomo gogo chalo, akuti anaiona, koma inachita kuthamangira yokha pamsewu, ndipo iwo anaimba hutala."

Agogo, kamtsikana kovala mpango n'kugwira ndodo, anamenyetsa ndodoyo pansi. "Ndi liti mbuzi inamvapo hutala? Muwauze kuti inali ndi bere imene ija. Si imodzi ayi, ndi zitatu."

Womasulira anakanda m'mutu, anayang'ana zitsekerero za gulu lake, anaona kuti zatha. "She says the goat was with babies inside. So you pay three goats."

Chiganizo chimenecho mulibe m'buku lililonse. Wachimanga yekha, anthu akumudikira, ndipo dalaivala anamva n'kuyamba kukana.

Chomwe sindinachiyembekezere ndi cha oonerera. M'masewero ena gulu limodzi likakhala kutsogolo otsalawo amatsinana n'kumasewera zawo. Pa mlandu wa mbuzi onse amatchera khutu ku ziyankhulo zonse ziwiri, kufuna kumugwira womasulira. Akangosiya mawu ena kapena kuwonjezera ake, mumva, "Wanama! Sananene choncho!" Ndaika lamulo loti amene watsutsa awombe m'manja kawiri, sewero liime, alowe m'malo mwa womasulirayo akonze yekha. Njira yoimitsa sewero kuti woonerera alowemo inatchuka ndi Augusto Boal wa ku Brazil, ndipo kwathu kuno gulu la zisudzo la ku Chancellor College linkachita masewero a zaumoyo m'midzi ya ku Liwonde m'zaka za m'ma 1980, anthu a m'mudzi akufunsidwa n'kumayankha sewero lili m'kati. Koma anawa sindinachite kuwaphunzitsa. Mwana wokulira pa nthano, woyankha "tilitonse" ndi kulandira nyimbo, sadziwa zoonerera atapinda manja.

Mlandu umabweretsanso aneni a nthawi yakale (past tense) popanda ine kuitchula. Mboni singafotokoze ngozi osanena "I saw", "it ran", "he stopped". Amati "runned" ndi "seed", ndimalemba pa kapepala kanga, tsiku lotsatira tikonza pabolodi, ndipo akulandira bwino chifukwa akufuna kukapambana mlandu Lachinayi.

Ana ndi ochenjera. Sipanatenge nthawi kuti azindikire kuti mfumu siyankhula Chingerezi, ndiye ufumu unayamba kulimbiranidwa. Lamulo tsopano ndi loti wakhala mfumu lero, ulendo wotsatira ndiye womasulira. Ofuna mpando achepa.

Bambo wina anafika pasukulu nkhope ili gwaa. "Aphunzitsi, ine ndimatumiza mwana kuti adzaphunzire. Nanga izi ndikumvazi, zoti mukuweruza mbuzi?" Ndinati, "Bambo, takhalani pampandopa muone kaye, tikambirana pambuyo." Tsiku limenelo womasulira anali mwana wawo. Anakhala mpaka kumapeto, ndipo chigamulo chitaperekedwa anadandaula kuti mfumu yaiwala kunena za nyama, kuti itsala kwa yani. Pochoka anapempha kuona kope la mwanayo, analitembenuza tsamba ndi tsamba, nati zolemba zichuluke. Sanapite atakhutira kwenikweni, ndipo sindikuwaona olakwa. Iwo akudziwa kuti popanda kukhoza Chingerezi ngakhale satifiketi ya MSCE munthu salandira.

Meyi

A hedi akufuna sewero la Chingerezi pa tsiku lotsekera sukulu, makolo ndi mafumu adzaone. Apa tasiyana maganizo pang'ono. Iwo akukumbukira mipikisano ya zisudzo za Chingerezi ya kusekondale yokonzedwa ndi bungwe la ATEM, sewero losalala, mawu omveka mpaka kumbuyo kwa holo. Inenso ndimaikonda, ndipo yatulutsa azisudzo ambiri m'dziko muno. Koma sewero la chionetsero limatenga ana 8 kapena 10 odziwa kale, kuwalowezetsa kwa mwezi, otsala onse n'kumangoonerera. Likalowa m'piriyodi zanga ziwiri ndiye kuti nesi uja ndi wa tomato uja abwerera kumbuyo kwa kalasi.

Ndinapempha kuti tidzaonetse mlandu wa mbuzi momwe ulili, wosalemba, ndipo dalaivala adzakhale mmodzi wa alendo. A hedi anagwira pakamwa. "Madamu, musadzatichititse manyazi pamaso pa a gulupu. Mwana akadzangoti kakasi pamenepo tidzalowa pati?" Tamvana kuti kukonzekera kuzichitika masana ngati kalabu, osakhudza mapiriyodi, chiyambi cha sewero chikhale choloweza, koma kufunsa mboni kukhale kosakonzekera.

Juni

Kwazizira, ana akubwera atakulunga manja m'malaya, ndiye masewero oyambira ndi othamangathamanga. Nthawi ya mafunso opindika aja yakwana. Mtolankhani wa wailesi, chitsononkho m'manja ngati maikolofoni, amazungulira pamalo a ngozi kufunsa anthu. Pa tchati pali "What happened?", "Where were you?", "What did you see?", "Who came first?" Wofunsidwa ali ndi ufulu wokana kuyankha funso likapindika, amangoti "Pardon?" mpaka mtolankhani aliwongole. Akuchita nkhanza ndi "Pardon?" ameneyu kuposa momwe ine ndikanachitira.

Zolemba zakula kuchoka pa ziganizo zitatu. Alemba kalata ya dalaivala yopita kwa bwana wake kufotokoza chifukwa chomwe katundu wachedwera, ndi nkhani ya mtolankhani. Chimangirizo chomwe kale chinkatuluka mizere iwiri chifukwa mwana alibe chonena, tsopano chikufika theka la tsamba, poti nkhaniyo anali momwemo.

Pomwe sewero silikufika pakuonekanso. Mwana amene sadziwa kulumikiza malembo, sewero silimuphunzitsa kuwerenga. Wa tomato uja pakamwa akuthamanga, koma m'kope mwake mawu ake omwe sakuwazindikira. Iye ndi anzake angapo ndikukhala nawo padera tikaweruka, ndi mabuku a Sitandade 2 ndi 3, ndipo imeneyo ndi ntchito ina, ya phee, yopanda zipewa.

Aphunzitsi a Sitandade 6 anayesa m'kalasi mwawo n'kubwera akuseka kuti zinasanduka nthabwala za Chichewa, ana akutsanzira oseketsa a pa wailesi, wina kudzigwetsa pansi. Nditafunsitsa, anangowauza kuti pangani sewero la kuchipatala. Popanda kapepala kachinsinsi, popanda munthu wosamva Chichewa, ndiponso popanda malire a nthawi, zimathera pamenepo. Ine ndimapereka mphindi 3 pa gulu, ikakwana ndimaimba wezulo ngakhale mlandu uli pakati.

Julayi

Tsiku lotsekera lapita. Wapampando wa komiti ya sukulu ndiwo anavomera kukhala dalaivala, ndipo anauza bwalo kuti mbuziyo inali yakufa kale, zomwe palibe mwana anaziyembekezera. Womasulira anati kakasi ndithu, a hedi anayang'ana pansi, kenaka mtsikana wina kuchokera m'gulu anawomba m'manja kawiri n'kulowa. A gulupu anaseka mpaka kupukuta misozi.

Ndawaitananso mmodzimmodzi, ndi mafunso ena kuti asayankhe zoloweza: unachita chiyani Loweruka, ukapita kumsika umadzera kuti. Madontho atsala ochepa, ambiri asanduka timizere, ndipo timitanda tachuluka kuposa kale. Sindinganene kuti zonsezi ndi masewero. Anawa akula ndi chaka chathunthu, andizolowera, ndipo tili ndi Sitandade 5 imodzi yokha, palibe ina yoyerekezera. Alipo mayina omwe ndasiya opanda chizindikiro, ana omwe anasiya kubwera nthawi ya njala osabwereranso, ndipo awiri mwa iwo ndi a magulu a atsikana akuluakulu aja. Mayinawo ndawapereka kwa amayi a gulu loona za atsikana kuti akawayendere sukulu isanatsegulidwe.

Ku TDC ndipita ndi timapepala tachinsinsi ta msika, ta kuchipatala ndi ta mlandu, anzanga akakopere, ndipo m'malo mofotokoza ndikawachititsa iwo omwe mlandu wa mbuzi. Kwa a hedi ndapempha zinthu ziwiri: mapiriyodi a Lachinayi akhale ogundizana, kuti sewero ndi kulemba zisamalimbirane mphindi, ndi bokosi lachitsulo, poti ndalama zathu za makatoni chiswe chadya pafupifupi zonse. Kalasili likupita kwa aphunzitsi a Sitandade 6, omwe avomera kupitiriza kamodzi pa sabata. Ine ndi Sitandade 5 yatsopano ndikufuna kuyesa womasulira yemweyu m'phunziro la zaulimi: mlangizi wochokera kunja wosamva Chichewa, mlimi wa mbatatesi yemwe mbewu yake yagwidwa ndi matenda, ndi mwana pakati. Timapepala take ndilemba pa holide, nditafunsa kaye alimi a kuno zomwe amafunsadi alangizi.